Raspberry Pi, ESP32, Pico kapena Arduino: kabolodi koyenera ntchito yanu ku Blantyre kuno ndi kati?

Amene ayamba kumene kukonda zolumikizalumikiza mawaya amakonda kufunsa kuti agule Raspberry Pi iti. Ine ndisanayankhe ndimafuna kudziwa zinthu ziwiri: chimene akupangacho chizigwira ntchito yanji, ndipo chidzatani magetsi akathima pakati pa usiku mwini wake ali m'tulo. Ku Blantyre kuno funso lachiwirili ndi limene limagamula mlandu. Magetsi athu ambiri amachokera mu mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo tonse tikukumbukira mmene zinthu zinalili namondwe Ana atawononga Kapichira mu January 2022, pamene dziko linataya pafupifupi 130MW. Kabolodi kamene mwaona kakugwira bwino ntchito pa YouTube kakhoza kukusowetsani mtendere ku Chilomoni kapena ku Bangwe, chifukwa wojambula kanemayo sanaganizirepo za kuthimathima kwa magetsi.

Timabolodi iti si tamtundu umodzi

Pali magulu awiri, ndipo kusiyana kwake nkwakukulu kuposa mmene maso amaonera. Gulu loyamba ndi makompyuta enieni okwana m'chikhatho, monga Raspberry Pi ndi Orange Pi. Amayendera Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta monga imachitira Windows, imene imakhala pa memory card, mukhoza kulumikizako sikirini, kiyibodi ndi kamera, ndipo amayendetsa mapulogalamu ambiri nthawi imodzi. Gulu lachiwiri ndi ma microcontroller, timabolodi toyendetsa pulogalamu imodzi yokha, monga Arduino, ESP32 ndi Raspberry Pi Pico. Awa alibe Linux. Mumalemba pulogalamu imodzi pa laputopu n'kuilowetsa m'kabolodimo ndi waya wa USB. Kuyambira pamenepo, kakangolandira moto kamayamba ntchito pompopompo, n'kumaibwereza mpaka motowo utachoka. Magetsi akabwera, kamayambiranso ntchito ngati palibe chachitika.

Tsono taonani zimene anthu ambiri kuno amafuna kupanga: kudziwa kuti m'thanki mwatsala madzi ochuluka bwanji, alamu ya pageti kapena pakhola, kuyatsa magetsi a panja kukada, kuthirira dimba, kuyang'anira kutentha kwa anapiye. Zonsezi ndi ntchito za gulu lachiwiri. Kuika Raspberry Pi 5 kuti iziyatsa babu la pakhonde kuli ngati kuhaya lole kuti ikutengereni thumba limodzi la makala lomwe wakabaza akanafikitsa pakhomo bwinobwino.

Pamene Raspberry Pi ilibe mnzake

Sindikuinyoza ayi, ndimaikonda kwambiri. Yoyamba inatuluka mu February 2012 pa mtengo wa madola 35, ndipo Eben Upton ndi anzake a ku Cambridge ankafuna kuti ana akhale ndi kompyuta yotsika mtengo yophunzirirapo kulemba mapulogalamu. Pa ntchito imeneyo ikadali patsogolo. Mwana wa sekondale amene kwawo kuli TV yokhala ndi polowera HDMI akhoza kuphunzira Linux ndi Python, chinenero cholembera mapulogalamu, pa TV yomweyo, ndipo akawononga china chake amangolemba kadi mwatsopano.

Ntchito imene imandisangalatsa koposa ndi laibulale yosalira intaneti. Pulogalamu ya Kiwix imasunga Wikipedia ndi mabuku ena pa kadi, ndipo ya Kolibri imasunga maphunziro a masamu ndi sayansi okhala ndi makanema. Pi imatulutsa WiFi yakeyake, ophunzira amalumikiza mafoni awo n'kumawerenga osagula bandulo ngakhale ya tsiku limodzi. Wikipedia yonse ya Chingelezi ndi zithunzi zake imadya malo pafupifupi 100GB, koma simukakamizidwa kutenga yonse. Pali zigawo zing'onozing'ono, monga cha zaumoyo chokha kapena cha masamu chokha. Mumakopera kamodzi pamalo pomwe pali intaneti yabwino, basi. Kwa sukulu ya ku Machinjiri kapena gulu la achinyamata la pa tchalitchi ku Zingwangwa, ichi ndi chinthu chamtengo wapatali, ndipo microcontroller singachichite ngakhale pang'ono. Mukafuna kuti kalasi yonse ilumikize nthawi imodzi, onjezerani router, kachipangizo kogawa WiFi, chifukwa WiFi ya m'kabolodimo imalemedwa anthu akachuluka.

Kamera yojambula amene walowa pageti n'kusunga zithunzi, malo osungirapo mafayilo a pa ofesi yaing'ono, kapena kumvera mawailesi ndi kachipangizo kotola mafunde a wailesi kotchedwa SDR, zonsezi ndi za Pi.

Pa mitundu yake, ine mtima wanga uli pa Pi 4 ya 2019. Ili ndi mphamvu zokwanira pafupifupi chilichonse chimene ndatchulachi, imalandira moto pa USB-C, ndipo imafuna chaja cha 5V 3A. Pi 5 ya 2023 imathamanga kwambiri, ili ndi batani loyatsira ndi wotchi yakeyake, koma kuti mupindule nayo mokwanira imafuna chaja cha 5A ndi kafani, chifukwa imatentha. Mu October dzuwa likuswa mtengo, m'nyumba ya malata yopanda siling'i, kafaniko sikakhala kokongoletsera. Pi 3 ya 2016 mukaipeza kwa munthu amene anasiya kuigwiritsa ntchito, itengeni, laibulale ija imayenda bwinobwino pamenepo. Kenako pali Zero 2 W ya 2021, imene inatuluka pa madola 15. Ili ndi 512MB yokha ya RAM, malo osungira zimene ikugwira panthawiyo, ndiye musaiyese yotsegulirapo masamba a intaneti, koma ikakhala chete imadya moto wosafika 1W. Pa kamera yoyendera batire ndi sola, imeneyi ndiye yoyenera.

Mtengo umene mumauona pa intaneti ndi wa bolodi lokha. Powerengera ikanipo chaja chabwino, memory card, kabokosi, waya wa micro HDMI ngati ndi Pi 4 kapena 5, ndalama yotumizira, ndi msonkho katunduyo akafika. Zonsezi zimalipiridwa m'ndalama zakunja, ndipo kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, kusiyana kwa kabolodi ka madola 5 ndi ka madola 60 kumamveka ndithu m'thumba.

Chimene chimapha Pi: magetsi kuthima mwadzidzidzi

Apa mpofunika kukhalitsapo. Linux imalemba pa memory card nthawi ndi nthawi, ngakhale inu musakuchita kanthu. Magetsi akathima ili pakati polemba, mafayilo akhoza kuwonongeka. Nthawi zambiri imapulumuka, koma tsiku lina imangokana kudzuka, ndipo ngati munalibe kope lina la kadiyo, ntchito yonse yapita. M'dera limene magetsi amathima kangapo pa sabata, tsikulo silichedwa kufika.

Njira zodzitetezera zilipo. Mu raspi-config, pulogalamu yosinthira makonzedwe a Pi, muli posankha overlay file system, imene imachititsa kuti kadi iziwerengedwa kokha osalembedwa. Kwa laibulale ija imene zinthu zake sizisinthasintha, imeneyi ndi njira yabwino zedi. Ntchito ikangoyamba kuyenda mmene mukufunira, koperani kadi yonse pa laputopu. Ndipo kadi ikhale yeniyeni. Makadi otchipa ena amalembedwa 64GB pomwe m'kati mwake muli malo ochepa, ndipo amayamba kutaya mafayilo akangodzaza.

Ambiri amaganiza kuti power bank ithetsa vutoli. Yesani kaye. Ma power bank ambiri amadula moto kwa kamphindi pamene magetsi a pakhoma athima kapena abwera, ndipo kamphindi komweko nkokwanira kuti Pi izime n'kuyambiranso. Chodalirika ndi batire ya 12V yokhala pa chaja nthawi zonse, ndi kachipangizo kotsitsa moto kufika pa 5V, kamene amakatcha buck converter. Tiwerengere limodzi. Batire ya 12V 7Ah, yonga ya mu UPS, bokosi losunga moto wa kompyuta magetsi akathima, imasunga 84Wh. Kuti isafe msanga simuyenera kuikama kupyola theka, ndiye muli ndi 40Wh kapena kuposerapo pang'ono. Pi 4 ikamadya 4W, apo muli ndi maola pafupifupi 10. Zero 2 W ikhoza kudutsa tsiku lonse ndi usiku wake pa batire yomweyo. Pa mayuniti a pa mita musade nkhawa: 4W usana ndi usiku kwa mwezi wathunthu sifika ngakhale mayuniti 3.

Chaja cha foni chogula m'mbali mwa msewu ndi mdani winanso. Moto ukatsika kufika cha pa 4.6V, Pi imaonetsa chenjezo pa sikirini n'kuyamba kuchedwa, ndipo kawirikawiri wolakwa amakhala waya woonda wa USB, osati chaja. Komanso Pi zonse za m'mbuyo mwa Pi 5 zilibe wotchi yosunga nthawi ikazima. Zimafunsa nthawi pa intaneti. Ngati yanu ikhala kopanda intaneti koma ikuyenera kulemba nthawi yolondola, ikani kachipangizo ka DS3231 kokhala ndi kabatire kake.

ESP32 ndi Pico, pamene ndimauza ambiri kuti ayambire

ESP32 ndi ya kampani ya Espressif ya ku Shanghai, inatuluka mu 2016, ndipo pa madola ochepa chabe imabwera ndi WiFi ndi Bluetooth. Pico inatuluka mu January 2021 pa madola 4, ndipo Pico W yokhala ndi WiFi inatsatira mu 2022 pa madola 6. Zonse ziwiri mukhoza kuzilembera mapulogalamu mu MicroPython, Python yochepetsedwa kuti ikwane m'timabolodi, ndiye amene anayamba kale Python sakhala mlendo. Zilibe memory card yoti iwonongeke, ndipo zimawerenga mwachindunji ma sensor (tizipangizo toyezera) otulutsa moto wokwera ndi kutsika, otchedwa analog, monga oyeza chinyezi cha dothi, chinthu chimene Pi yaikulu singachite popanda kachipangizo kowonjezera.

Titenge nkhani ya thanki, popeza ndi imene imakhudza mabanja ambiri. Madzi ambiri a mumzinda muno amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry mu Shire n'kukwezedwa mtunda wautali, ndipo kupopako kumadalira magetsi. Nchifukwa chake amene angathe amaimika thanki, makamaka okhala m'malo okwera. Koma thanki ili pamwamba pa nsanja, ndipo kuti mudziwe zam'kati mwake mumachita kukwera makwerero kapena kuigogoda ndi ndodo.

Pa chivundikiro cha thankiyo mumaboola kabowo n'kuika sensor yoyang'ana pansi. Imatumiza kaphokoso komwe khutu silimva, kaphokosoko kamagunda pamadzi n'kubwerera, ndipo kabolodi kamawerenga nthawi imene papita. Nthawiyo, mu ma microsecond, mukaigawa ndi 58 mumapeza masentimita. Ikawerenga 2900, ndiye kuti madzi ali masentimita 50 pansi pa chivundikiro. Sensor yodziwika kwambiri ndi HC-SR04, koma m'thanki mumakhala nthunzi, ndipo imeneyi sichedwa kuchita dzimbiri. Gulani JSN-SR04T imene mutu wake sulowa madzi, pokumbukira kuti siona bwino chinthu chimene chili pafupi kuposa masentimita 25, ndiye muiike motalikirako ndi pamene madzi amalekezera thanki ikadzaza.

Pali msampha umodzi umene wapsereza timabolodi tambiri. Ma sensor awa akamayendera 5V, phini lawo la Echo, mwendo wobweza yankho ku kabolodi, limatulutsanso 5V, pomwe ESP32, Pico ndi Raspberry Pi mapini awo amalandira 3.3V. Mankhwala ake ndi ma resistor awiri, tizipangizo tochepetsa moto. La 1k lichoke pa Echo kupita pa phini la kabolodi, ndipo la 2k lichoke pa phini lomwelo kupita ku GND, phini la negetivu. Pamenepo moto wofika pa phini watsika kufika pa 3.3V. Ma resistor amenewa mukhoza kuwachotsa ngakhale mu wailesi yakufa.

ESP32 ikhoza kugona tulo tofa nato, kudzuka mphindi 10 zilizonse, kuyeza, kutumiza uthenga ku foni yanu, n'kugonanso. Ikamatero imadya moto wochepa kwambiri moti batire ija ya 7Ah imatha masabata. Chodabwitsa nchakuti kudya pang'onoku kumasokoneza ma power bank ena, amene amaganiza kuti palibe cholumikizidwa n'kudzizimitsa okha. Bwino kugwiritsa ntchito batire ya 18650 ndi kochajira ka TP4056 kokhala ndi chitetezo. Mabatire amenewa amapezeka m'mabatire akufa a laputopu, koma yezani lililonse ndi multimeter, chida choyezera moto, ndipo lotupa, lobooka kapena lotentha pochaja musalisunge m'nyumba.

Nanga pakati pa ziwirizi? Ngati ntchito yanu ikufuna WiFi ndi kukhalitsa pa batire, tengani ESP32. Zitsanzo zake pa intaneti nzosawerengeka. Dziwani zinthu ziwiri zokha: imaona WiFi ya 2.4GHz basi, ndiye hotspot ya foni kapena MiFi yanu ikhale pamenepo, ndipo WiFi ikayaka, ma sensor a analog muwalumikize pa mapini a 32 mpaka 39, chifukwa enawo amasiya kuwerenga. Pico ndi yofatsa kwa wophunzira. Mukagwira kabatani ka BOOTSEL poilumikiza, imaoneka pa kompyuta ngati flash, mumaponyamo fayilo ya MicroPython, mwayamba. Mabuku ake ofotokozera ndi olembedwa bwino kwambiri. Mwana wa zaka 13 ndikhoza kumupatsa Pico. Munthu wofuna kuyang'anira thanki ali ku ntchito ku Ginnery Corner ndimupatsa ESP32.

Arduino

Iyi ndi nkhalakale, inayambira ku Ivrea m'dziko la Italy mu 2005. Arduino Uno yakale ya R3 ili ndi 2KB yokha ya RAM, imathamanga pa 16MHz, ndipo ilibe WiFi. Pongoyang'ana manambala yatsalira kutali. Koma imayendera 5V, ndiye ma sensor ndi ma relay (ma switch oyatsidwa ndi kabolodi) ambiri amalumikizika popanda ma resistor aja, ndipo imapirira nkhanza za wophunzira. Zotengera zake zotchipa zimagwira ntchito bwino, kungoti zambiri zimafuna kuti muike kapulogalamu kotchedwa driver ya CH340 pa kompyuta kuti izizindikire. Pa ntchito yosafuna intaneti, monga belu la pasukulu kapena magetsi oyaka okha kukada, Arduino Nano yotchipa ndi yokwanira.

Makina oswera mazira ndi chitsanzo chabwino. Mazira a nkhuku amaswa pa masiku 21, amafuna kutentha kwa 37.5°C kapena kuyandikira pamenepo, kutembenuzidwa kangapo pa tsiku mpaka tsiku la 18, kenako chinyezi chokwererapo m'masiku atatu otsiriza. Arduino imatha kuyang'anira zonsezi. Komabe ndinene moona: ngati mukufuna kusunga kutentha kokha, thermostat (choyatsa ndi kuzimitsa chotenthetsera malinga ndi kutentha) yopangidwa kale monga W1209 ndi yotchipa ndipo silira pulogalamu. Ndipo vuto lalikulu la makinawa si kabolodi. Ndi chotenthetsera, chimene chimadya moto wambiri. Usiku wa chiperoni mu July magetsi akathima maola angapo, kabolodi kadzakhala kali maso pa batire kakulemba mmene mazira akuzizirira. Ndalama zambiri ziyambe zapita ku batire ndi kukuta bokosilo kuti lisataye kutentha.

Orange Pi, laputopu yakale ndi foni yosweka galasi

Orange Pi ndi ena onga iyo amapereka mphamvu zambiri pa mtengo wotsikirapo, ndipo anthu ambiri anathawirako pamene Raspberry Pi inasowa pa msika kuyambira 2021 mpaka 2023. Vuto lake ndi mapulogalamu. Malangizo ambiri pa intaneti analembedwera Raspberry Pi, ndipo pa Orange Pi kamera kapena mapini akhoza kukana mpaka mutafufuza kwa masiku. Amene amaidziwa kale Linux aike Armbian, Linux yokonzedwera timabolodi totere, n'kupitiriza. Woyamba kumene aipewe.

Musanaitanitse chilichonse kunja, yang'anani m'kabati. Laputopu yakale yokhala ndi Linux imachita zonse za laibulale ija, ili kale ndi sikirini ndi kiyibodi, ndipo ngati batire yake ikadali ndi moyo, magetsi akathima siizima mwadzidzidzi. Imadya moto wochuluka kuposa Pi ndipo ilibe mapini, koma mukailumikiza ndi Arduino pa USB mwapeza zonse ziwiri. Foni yakale ya Android nayo ili ndi kamera, WiFi, batire ndi polowera SIM, zinthu zimene pa Pi mukanagula chimodzichimodzi.

Kumunda kopanda WiFi

Ngati chipangizocho chikakhala ku dimba ku Lunzu kapena ku khola ku Chileka, uthenga wa SMS ndi umene ungakufikeni. SIM800L, imene mumaikamo SIM kuti izitumiza SMS, ndi yotchipa ndipo imagwira ndi ESP32, Pico kapena Arduino, koma ndi ya 2G yokha, ndiye tsimikizani kuti TNM kapena Airtel ikugwira 2G pamalopo. Imafuna moto wa pakati pa 3.4V ndi 4.4V, ndipo polankhula ndi nsanja ya netiweki imakoka mpaka 2A kwa kanthawi kochepa. Mukaidyetsa kuchokera pa phini la kabolodi imangozimazima, inu n'kumaganiza kuti ndi yakufa. Ipatseni batire yakeyake ya 18650 ndi capacitor (kosunga moto kwa kanthawi) yaikulu, ya 1000µF kapena kuposa, pafupi ndi miyendo yake. SIM yake ikhale yolembetsa monga mwa lamulo, ndipo muziigwiritsa ntchito kuti isatsekedwe.

Pogula ndi polumikiza

Timabolodi tenitenito nthawi zambiri timachita kuitanitsa ku China, komwe nkotchipa koma katundu amachedwa, kapena kutumiza m'bale wochokera ku Johannesburg. Ophunzira zauinjiniya ku MUBAS ku Chichiri amagwiritsa ntchito zipangizo zoterezi pa ntchito zawo za kusukulu, ndiye ngati mukudziwana ndi mmodzi, mufunseni kumene amagula, mwinanso n'kuphatikiza oda kuti mugawane ndalama yotumizira. Mawaya, ma capacitor, ma switch ndi mtovu wowotcherera yambani mwafunsa kwa okonza mawailesi ndi ma TV ku Limbe kapena ku Ndirande. Poitanitsa ESP32 kapena Pico, itanitsani ziwiri kapena zitatu. Imodzi ikapsa simudikira mwezi wina, komanso chinthu chikakana kugwira mumasinthanitsa n'kudziwa ngati vuto ndi bolodi kapena pulogalamu. Multimeter igulidwe tsiku loyamba lomwelo.

Nyengo ya mvula, waya wautali wochoka panyumba kupita pa nsanja ya thanki umatola mphamvu ya mphenzi ngakhale itagwa patali, n'kupsereza kabolodi. Ndi bwino kabolodiko kakhale pafupi ndi sensor, m'kabokosi kosalowa madzi, uthenga uziyenda pa WiFi.

Pa magetsi a pakhoma a 230V ndiye ndikupemphani ndithu. Ka relay kabuluu kolembedwa 10A kakhoza kuyatsa babu, koma pampu ya madzi imakoka moto wochuluka kwambiri pamene ikuyamba kuzungulira, ndipo timano ta m'kati mwa relay tikhoza kumatirira pampu n'kumangoyenda osaima. Relay izingoyatsa contactor, switch yaikulu yopirira moto wambiri, contactor ndiyo iyatse pampu, pakhale fuse kapena breaker yoyenera, ndipo m'thanki mukhalenso float switch wamba, switch yoyandama pamadzi, yodula pampu madzi akadzaza ngakhale pulogalamu itasokonekera. Mbali ya 5V lumikizani nokha mmene mungafunire. Mbali ya 230V itanirani amisiri a zamagetsi okhala ndi chiphaso, ndipo zonse zitsekeredwe m'bokosi limene mwana sangatsegule ndi manja.